Lachinayi Limene Sindinafike ku Ntchito

Lachisanu, 11 Okutobala

Andigoneka m'wodi ya amuna othyoka mafupa, bedi la pafupi ndi zenera. Fupa la ntchafu yakumanja lathyoka kumtunda, pafupi ndi chiuno. Adokotala andionetsa pa ekisireyi. Mwendo aumanga ndi chingwe, kumapazi kwa bedi apachika thumba la mchenga kuti liziukoka. Opareshoni akuti iyambe yadikira chifukwa BP yanga yakwera kwambiri. Jakisoni wa ululu m'mawa ndi madzulo, kapiritsi koyera ka BP kamodzi patsiku.

Mwana wanga Mayankho wandisiyira kope ili kuti ndizilembamo za mankhwala.

Nesi anandifunsa kuti ndinagwa bwanji. Ndinati ndinaterereka. Anafunsa kuti kuti. Ndinati pamalo ponyowa. Sindinaname, koma zoona sindinanene.

Mkazi wanga Evelesi ndiye gadiyani. Chifikireni dzulo, mawu amene wandiyankhula ndi "yasamulani" ndi "tembenukani" basi.

Loweruka, 12 Okutobala

Ndilembe pano zimene pakamwa pakukana.

Ndine Zikhale, wa zaka 57, kalaliki wosunga mafayilo pa ofesi ina ku City Centre, ndiponso mkulu wa mpingo kwathu ku Kawale. Chiyambireni ntchito tsitsi lili bii, moyo wanga ndi umodzimodzi. Kudzuka, tiyi, minibasi ya ku depoti, ina ya ku City Centre, mafayilo, chipisi cha pachiwaya masana, mafayilo, minibasi ziwiri zomwe zija, nkhani za pa wailesi, kugona. Makondakitala sandiitanira n'komwe, amangotsegula chitseko.

Lachinayi nditatsika pa depoti, ndinaona minibasi yanga ikudzaza, miyendo n'kungokana. Sindinadwale, sindinayambane ndi munthu. Ndinangoona kuti ndikakwera, tsikulo ndalidziwa kale lonse mpaka madzulo ake, ndi la mawa lomwe.

Ndinaimbira Efelo, mnzanga wa kumudzi ku Mitundu amene tinkaweta naye mbuzi. Iye amasamalira maluwa pa nyumba ina ku Area 43, ndipo amakhala m'kanyumba ka kuseri ndi mkazi wake ndi ana. Madamu ake, eni nyumbayo, ali kunja kwa dziko. Pamenepo pali dziwe losambiramo limene Efelo amatsuka tsiku ndi tsiku koma sanalowemo chiyambire. Ndinalionapo chaka chatha nditapita kukamuuza za maliro, ndipo silinandichoke m'mutu.

Nditafika anakana. "Achimwene, mundichotsetsa ntchito."

"Adziwa ndani? Kamodzi kokha, Efelo. Ndili ngati munthu wofa woyenda."

Ndinaumirira mpaka anapita kukaima pa geti kuti aziona anthu. Ndinavula, ndinalowa. Potuluka phazi linaterereka pa matailosi, ndinamva kuti thyo.

Buluku silikanatheka kuvala. Mkazi wa Efelo, mayi a Mtendere, anandifunditsa chitenje chawo. Pondikweza m'takisi Efelo anandinong'oneza kuti, "Dzina langa lisatuluke, chonde. Ndili ndi ana." Ndinalonjeza.

Evelesi ataimbiridwa ndi anesi anandipeza ndili ndi kabudula wamkati wonyowa ndi chitenje cha mkazi wina. Wa takisi anali akadali pomwepo, nsapato zanga ndi buluku zili m'manja. Anamuuza mosabisa kuti ananditenga pa geti ina ku Area 43.

Lamulungu, 13 Okutobala

BP ikadali pamwamba. Awonjezera piritsi lina, lachikasu.

Masana kunabwera a mpingo, amayi a mvano ndi akulu anzanga awiri. Anabweretsa nthochi, malalanje ndi thobwa. Anaimba motsitsa mawu, kenako a Nebert, mmodzi wa akuluwo, anapemphera. M'pempheromo anati, "Mtumiki wanu uyu, amene wavulala ali pa ntchito yake yodyetsera banja." Ndinatsegula maso pang'ono. Evelesi anali asanatsinzine n'komwe, akundiyang'ana.

Ndinayankha nawo kuti ameni.

Lolemba, 14 Okutobala

Kuno tsiku limayamba kusanache bwino. Oyeza kutentha kwa thupi, okolopa, phala, kenako adokotala ndi gulu la ophunzira. Amaima mondizungulira n'kumakamba za mwendo wanga ngati mwini wake ndachokapo.

Chovuta kuposa ululu ndi kudzithandiza. Sindingadzuke. Evelesi amabweretsa beseni, amatchinga ndi nsalu, amandinyamula m'chiuno, kenako amakataya n'kutsuka. Amandipukuta thupi lonse ndi madzi ofunda, mosamala, osandipweteka ngakhale pang'ono. Koma sayankhula. Akanati azindikalipira bwenzi zili bwinoko.

Pa bedi loyandikana nane pali a Hamdani, telala wa pakhonde pafupi ndi mzikiti ku Old Town. Ali ndi shuga, chilonda cha kuphazi chakana kupola. Ndi munthu wa nkhani zosatha. Akudziwa kale matenda a aliyense m'wodi muno, ndi amene mkazi wake anamuthawa. Mkazi wawo akabweretsa mpunga ndi nsomba amandigawira, iwo n'kumandipempha mandasi mobisa.

Abwana anga a ku ofesi anabwera madzulo. Anandipepesa bwino, kenako anati, "Komatu Lachinayi sitinakuoneni, a Zikhale. Tinadabwa tonse, poti inu ndi wotchi yathu." Evelesi anali akusenda lalanje. Mpeni unaima pang'ono, kenako unapitiriza.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Tsiku la anakubala. Mayankho anabwera ndi nsalu ya mayi ake. Ali panja ndinamva akufunsa, "Amama, vuto ndi chiyani?" Yankho sindinalimve.

Evelesi wachapa chitenje chija, wachisita, wachipinda bwinobwino. Wachiika pa kabati ka pambali pa bedi langa, pamene ndimaika kapu.

"Akabwera eni ake muwapatse. Muwathokozenso."

"Mayi a Mayankho, si zimene mukuganizazo."

"Ndiye ndi ziti?"

Anadikira ndithu, kenako anatenga mbale n'kutuluka.

BP yatsika. Opareshoni Lachinayi.

Lachitatu, 16 Okutobala

Anditenga magazi. Akuti ndi ochepa pang'ono, mwina adzandiwonjezera. Dokotala wogonetsa anthu anabwera kudzandifunsa ngati ndimasuta kapena kumwa, ndi ngati mano onse ndi anga. Akuti adzandibaya pamsana kuti ndife kuchokera m'chiuno kutsika. Kuyambira pakati pa usiku osadya, osamwa.

Evelesi atapita kukaphika, a Hamdani analoza chitenje chija ndi chibwano.

"Akulu, tiuzeniko ife amuna anzanu. Ndi wamng'ono?"

Mwina ndi mantha a mawa. Ndinawauza zonse, kupatula dzina la Efelo. Anaseka mpaka bedi kugwedera, misozi mbwembwembwe, nesi anachita kubwera kudzawaletsa.

"Mkulu wa mpingo! Ndi kabudula wamkati! M'dziwe la eni ake!"

Atapuma anapukuta m'maso n'kunena kuti, "Koma inu ndinu woipa mtima. Mayi aja akuonda tikuona, chifukwa cha madzi? Auzeni."

"Ndinalonjeza munthu. Zikamveka ntchito imuthera."

"Ndiye mkazi wanu ndi wailesi?"

Lonjezo lilipo ndithu, koma ndikudziwa kuti ndikubisala kuseri kwake. Chibwenzi anthu amachimvetsa. Bambo wa imvi kuthawa ntchito ngati mwana wa sukulu kukasewera m'madzi, ndiyambira pati?

Lachinayi, 17 Okutobala

Ndabwerako ku fiyeta. Aika chitsulo ndi misomali. Ndimamva kugogoda koma ululu ayi. Tsopano ululu wabwera wonse. Diripi. Kusanza.

Lachisanu, 18 Okutobala

Thupi latentha. Andiika magazi botolo limodzi. Jakisoni wa pamtsempha katatu patsiku. Evelesi wakhala akundinyowetsa pamphumi. Sanagone.

Loweruka, 19 Okutobala

Kutentha kwatsika. Ndadya phala theka. Atsuka bala, akuti lili bwino.

Lamulungu, 20 Okutobala

Zaululika, ndipo osati ndi pakamwa panga.

Nthawi ya alendo masana ndinaona mayi a Mtendere akulowa m'wodi, mwana kumbuyo, kabotolo ka thobwa m'manja. Evelesi amawadziwa, ndi a kumudzi kumodzi. Anawalandira bwino, anawapatsa mpando. Atapereka moni maso awo anagwera pa kabati.

"Ii, chitenje changa chija mwachita kuchichapa? Zikomo, amayi."

A Hamdani anadzifunditsa bulangete kumutu. Evelesi anaimirira pang'onopang'ono.

"Inuyo, mayi a Mtendere? Inu amene ndinakuperekezani ku chipatala pobereka mwana ali kumbuyoyu?"

Mayiwo poyamba sanamve. Atamva tanthauzo lake anagwira pakamwa, n'kugwada pansi pomwepo.

"Ayi, amayi! Mulungu andione! Kodi abambo sanakuuzeni?"

Anafotokoza zonse, anthu a mabedi ena akumva, magadiyani atasiya kudyetsa odwala awo. Za geti, za dziwe, za kuvula, za mmene anandikokera pa udzu ndikulira ngati mwana. Wina kumapeto kwa wodi anaseka, mkazi wake n'kumutsina.

Kenako ananena chimene anadzera. Pa nyumbapo pali makamera, ena Efelo sankawadziwa. Madamu anaona zonse pa foni yawo ali kunja komweko. Anabwera Lachisanu lapitali. Efelo amuchotsa ntchito, ndipo mwezi uno ukamatha akhale atatuluka m'kanyumba kaja. Iye akuopa kubwera kuno, akuti angaoneke ngati akudzandiimba mlandu.

Mayiwo atapita Evelesi anakhala pa mpando nthawi yaitali, manja ali pamiyendo.

"Sabata yonse ndi masiku, ndikutaya zonyansa zanu, mtima ukuwola. Ndimayang'ana mkazi aliyense wolowa pakhomo apo. Ndinafika poganiza zopita kwathu mukangochira. Inu muli phee."

"Ndinachita manyazi."

"Manyazi anu ndiye akulu kuposa ine?"

Lolemba, 21 Okutobala

Achotsa diripi. Mapiritsi okhaokha tsopano: awiri a ululu katatu patsiku, a BP, ndi ofiira owonjezera magazi. Kunabwera mtsikana wa zolimbitsa mafupa, anandikhazika m'mphepete mwa bedi. Chizungulire chinandigwira, koma ndinakhala.

Ndinaitanitsa nambala ya madamu kwa mayi a Mtendere. Ndinaimba ndili chogona, chifukwa kuno kulibe kobisala. Wodi yonse inatchera khutu.

Ndinadzitchula dzina, ndinati ndine munthu wa mu kamera uja. Ndinati wolakwa ndine, Efelo anakana, ndinachita kumukakamiza.

Madamuwo sanakalipe. Anandifunsa kaye za mwendo. Kenako anati, "Bambo, mukanafera m'madzi mwanga muja, apolisi akanafunsa ndani? Ine ndinasiya makiyi a nyumba yanga yonse m'manja mwa Efelo. Lero watsegulira mnzake wosambira. Mawa atsegulira ndani?"

"Sadzachitanso, mayi. Zaka zonsezi sanakulakwirenipo."

"N'chifukwa chake sindinapite ku polisi, ndipo kalata yabwino ndimulembera. Koma pakhomo panga ayi. Inu ndinu bambo wamkulu, mukanamuganizira mnzanu."

Anadula mwaulemu. Akanatukwana ndikanapeza pomuda, koma ananena zoona.

A Hamdani sanaseke lero. Anangoti, "Mwayesa."

Lachiwiri, 22 Okutobala

Ndaima ndi ndodo ziwiri. Phazi lakumanja lingokhudza pansi, osaliponda. Ndafika pa khomo la wodi n'kubwerera, thukuta thupi lonse.

A Hamdani awauza kuti phazi silingapulumuke, alidula pansi pa bondo mawa. Masana, atapemphera swala yawo chogonera, anandifunsa ngati makina osokera opalasa angatheke ndi mwendo umodzi. Ndinati ndikuganiza kuti angatheke. Anati, "Ine khonde langa lija ndimalitukwana tsiku lililonse, fumbi, phokoso, anthu omwewomwewo. Lero ndikulifuna."

Sanali kundinena ine, koma ndinatembenukira ku zenera. Iwo matenda anachita kuwapeza. Ine ndinakwera minibasi kukawafuna.

A Nebert anaimba foni. Nkhani yafika kale ku mpingo. Anayankhula mozungulira, kenako anati mwina ndipume kaye pa udindo mpaka akulu akhale pansi. Ndinavomera.

Lachitatu, 23 Okutobala

Evelesi anachoka m'mawa osanena kopita. Anasiya Mayankho. Mwana wanga wamkazi kundiperekeza ku chimbudzi, n'kudikira pakhomo. Pobwerera anati, "Adadi, mukanangonena, tikanakulipirirani ku hotela mukasambe mwaulemu." Anafuna kundiseketsa. Ndinalephera.

A Hamdani abwera nawo madzulo kuchokera ku opareshoni, akadali mtulo. Pansi pa bulangete pali malo opanda kanthu.

Evelesi anabwera dzuwa litapendeka, mapazi ali mbuu ndi fumbi. Anapita ku Area 43. Minibasi inamusiya pa msewu waukulu, kwinako anayenda pansi, kufunsa alonda a m'mageti mpaka anapeza. Madamu sanamuone, ndipo akuti sanapitire iwo. Anapita kwa Efelo.

"Ndawauza kuti abwere kwathu. Zipinda ziwiri za kuseri zija tichotsamo makatoni anu a nyuzipepala. Akhala mpaka apeze ntchito."

"Osandifunsa?"

"Inu munandifunsa?"

Kenako anawonjezera kuti ana a Efelo ndi anayi, wina amalira usiku, ndipo ali ndi nkhuku. "Mumati moyo wanu ndi umodzimodzi. Muona."

Lachinayi, 24 Okutobala

Ndayenda mpaka pa khonde. Andiphunzitsa kukwera sitepe: mwendo wabwino patsogolo pokwera, wodwala patsogolo potsika. Bala lauma. Ulusi adzachotsa sabata ya mawa, ndidzachita kubwera kuchokera kunyumba.

Efelo anabwera. Wavala jekete lake la ku tchalitchi, m'manja muli mapapaya awiri. Anaima kumapazi kwa bedi ngati wolakwa ndi iye.

"Mwendo uli bwanji, achimwene?"

Ndinayamba kupepesa, koma sindinamalize. Ndinalira pamaso pa wodi yonse. Iye anangoyang'ana pansi, akutembenuza chipewa.

Sananene kuti palibe kanthu, ndipo ndikumuthokoza chifukwa cha zimenezo. Anati, "Zandipweteka, achimwene. Maluwa aja ndinadzala ndekha onse. Mtendere amayenda pansi kupita ku sukulu, tsopano sindikudziwa." Kenako anati, "Koma geti ndinatsegula ndine."

Ndamuuza kuti ndikangoyamba kuyenda ndipita ndekha kwa aliyense amene ndikumudziwa ku City Centre, ngakhale kwa abwana anga, kukamupemphera ntchito. Adzandifunsa chifukwa chimene anachotsedwera, ndipo ndidzayenera kufotokoza nkhani ya kabudula ija khomo ndi khomo. Ndiyenera.

Lachisanu, 25 Okutobala

A Hamdani adzuka, adya. Ayamba kale kufunsa za wodwala watsopano wa pa bedi la pakona. Akuti ndikachira ndipite pa khonde lawo akandisokere kabudula wosambira wa ulemu wake wa mkulu wa mpingo. Anaseka, kenako ululu unawagwira.

Adokotala akuti mawa nditha kutuluka. Miyezi itatu osapita ku ntchito. Mapiritsi a BP ndi a moyo wonse.

Loweruka, 26 Okutobala

Tikudikira mankhwala ndi galimoto ya mwamuna wa Mayankho. Evelesi wamanga katundu yense, mapoto, beseni, bulangete. Dzulo Efelo anayamba kusamutsa zake, nkhuku zafika kale ku Kawale.

Tinakhala pa benchi la pa khonde, ndodo zanga zili pakati pathu. Kunja kukutentha, mitengo ya pa chipatala yachita maluwa ofiira. Evelesi anayang'ana magalimoto nthawi yaitali, kenako anayankhula osanditembenukira.

"Mumaganiza kuti wotopa ndinu nokha? Tiyi amene mumamwa m'mawa uliwonse uja amadziphika yekha? Ine ndimadziwa ndi phokoso la geti kuti lero ndi Lachingati. Tsiku lina ndinafika pa msika, ndinaima pa mulatho ndi dengu langa, osafuna kupita kutsogolo kapena kubwerera. Koma ndinabwerera, poti munali kudzafuna chakudya."

"Simunandiuzepo."

"Inunso simunandiuze."

Anakonza mpango wake. Ndimaganiza kuti watha. Kenako anafunsa motsitsa mawu, ngati akuopa kuti anesi amva.

"Nanga madziwo anali bwanji?"

Chigwereni palibe anandifunsapo zimenezi, ndipo ine ndakhala ndikuopa kuzikumbukira. Ndinafuna kunena kuti sanali kanthu, zinali zopusa. Koma ndamunamiza mokwanira mayi ameneyu.

Ndinamuuza kuti anali ozizira mpaka ndinakuwa. Kuti ndinayenda kumbali kosaya, madzi ali m'chifuwa, nditagwira khoma. Kenako ndinasiya khoma, ndinagona chagada monga tinkachitira ku dambo tili ana, ndipo madzi anandinyamula. Thupi lonse lolemerali, mimba yomweyi. M'makutu munalowa madzi, phokoso lonse linatha, ndinkangoona kumwamba ndi mbalame imodzi ikuzungulira. Ndinaiwala kuti ndi Lachinayi. Ndinaseka ndekha.

"Anali okoma, mayi a Mayankho. Ndikuchita manyazi kunena, poti ndapweteka anthu ambiri. Koma anali okoma."

Evelesi sanaseke, sanakwiyenso. Anagwedeza mutu pang'ono.

"Ine chibadwire sindinalowepo m'madzi opitirira m'mawondo," anatero.

Galimoto yafika. Akubwera kudzanditenga.